Khola la ng'ombe nalonso lifune chilolezo?

Mukafunsa munthu pa Chonde kapena pa Nkando ngati khola la ng'ombe limafuna chilolezo cha khonsolo, ayamba wakuyang'anani kaye kumapazi kuti aone komwe mwachokera. Kwathu kuno khola timangomanga. Umadula mitengo ya bulugamu, umakumba maenje, umaitana mnzako wodziwa kukhoma malata, pofika madzulo mbuzi zalowa. Nkhokwe chimodzimodzi, shedi yosungiramo nandolo chimodzimodzi. Za mapulani timati ndi za anthu a ku Namiwawa ndi ku Nyambadwe.

Kwa zaka zambiri maganizo amenewa sanali olakwika. Lamulo lakale la 1988, lija la Town and Country Planning Act, linkagwira m'madera okhawo omwe boma lalengeza kuti aziyendera mapulani, makamaka m'mizinda ndi m'matauni. Kumudzi kunali kwa amfumu. Koma mu 2016 aphungu anavomereza mtolo wa malamulo atsopano okhudza malo, ndipo limodzi mwa malamulowo, la Physical Planning Act, linaika dziko lonse la Malawi pansi pa mapulani, kuyambira pakati pa mzinda wa Blantyre mpaka kuseri kwa phiri ku Muloza. Linayamba kugwira ntchito mu 2018, aphungu n'kudzalikonzanso mu 2022. Anthu ambiri anamva za kulembetsa malo okha, chifukwa ndi zomwe zinkakangana pa wailesi. Zoti kumanga nakonso kwakhudzidwa zinadutsa chamumtunda.

Lamuloli lili ndi ndandanda wa tintchito ting'onoting'ono tomwe munthu angachite osakapempha kwa aliyense, ndipo palibe wa khonsolo amene angakwere njinga yamoto kudzayeza nkhokwe ya agogo. Komatu zomwe tikumanga masiku ano si nkhokwe zansungwi zija. Nkhokwe zenizenizo zikutha, chimanga tikugona nacho m'nyumba m'matumba poopa akuba. Zomwe zikumera kuseri kwa nyumba zathu ndi makola a simenti, mashedi a njerwa okhala ndi chitseko chachitsulo, tinyumba ta nkhuku zoikira mazana angapo. Zimenezi zili pakati, si nyumba zogona anthu komanso si zomanga zachikale, ndipo pakati pomwepo ndi pomwe pamavuta.

Ine nkhaniyi inandipeza chifukwa cha udindo womwe sindinaupemphe. Amalume atatisiya, umwinimbumba unagwera ine, kotero chilichonse chokhudza malo a amayi chimanditsatira ku Limbe komwe ndimakhala. Mudzi wathu uli m'mbali mwa msewu wa M2, pakati pa Luchenza ndi boma la Mulanje. Mwana wamkazi wa achemwali anga ndi mwamuna wake analowa gulu la alimi a ng'ombe za mkaka. Magulu otere ndi ambiri ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu, ndipo ambiri ali pansi pa bungwe la alimi a mkaka la SHMPA. Mlimi amakama m'mawa, amathamangitsa chigubu pa njinga kupita komwe kuli thanki yoziziritsira, kumeneko amayamba auyeza mkakawo kuti aone ngati sanathiremo madzi. Ng'ombe zambiri zimayenda mopatsirana: walandira, ikaswa thole lalikazi umapatsa mnzako wotsatira pa mndandanda. Koma ng'ombe siitsika pakhomo pako usanadzale nsenjere ndiponso usanamange khola loti alangizi a ziweto akaliona agwedeze mutu movomereza.

Khola limenelo si la mitengo inayi ayi. Ng'ombe yamkaka siipita kubusa, imadyera momwemo chaka chonse. Pafunika pogona pofoleredwa, modyera ndi momwera, pokamira, kachipinda ka thole, ndi pansi pa simenti popendekeka kuti mkodzo uziyenderera mu ngalande kupita kudzenje la manyowa. Pambali pake pafunika shedi yokhoma ndi loko yosungiramo madeya, mchere ndi mankhwala a nkhupakupa. Mukaphatikiza zonse, malo ake amaposa nyumba yomwe ine ndinabadwiramo.

Ndiye malowo ali kuti? Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 680,000 ku Mulanje ndi oposa 720,000 ku Thyolo, ndipo nthaka yabwino yambiri m'maboma awiriwa ili pansi pa tiyi. Otsalafe tinapanikizana m'mipata. Mlimi wa ku Mzimba atha kumanga khola patali poti fungo silingafike kwa aliyense. Kwathu khola limakhala pakati pa khitchini yako ndi bafa la mnzako.

Chilolezo choyamba, chomwe sichilembedwa m'lamulo lililonse la mapulani, ndi cha mbumba. Kuno ndi kuchikamwini, malo ndi a akazi. Mkamwini wathu anadikira Loweruka lomwe ndinafika kumudzi, anabwera n'kunjuta chapatali chipewa chili m'manja.

“Amalume, timati tikudziwitseni. Gulu lija latiika pa mndandanda, ndiye timafuna tiike simenti kuseri kuja.”

Ndisanayankhe, achemwali omwe ankasola chimanga pakhonde analankhula osatukula mutu.

“Achimwene, funsanitu bwino. Likadzatha banjali, simentiyo adzainyamula?”

Mkamwini anangoyang'ana pansi. Mwina mawuwo anatuluka molasa, koma funsolo linali lenileni. Khola la mitengo mwamuna akamachoka amazula, amakweza pa ngolo, nkhani yathera pomwepo. Khola la simenti limatsala. Likatsala, abale a mwamuna amabwera kudzawerengera matumba a simenti omwe mwana wawo anagula, abale a mkazi n'kumati nanga nthakayo anabwera nayo. Milandu yotere amfumu akuidziwa bwino, ndipo ndi imodzi mwa zifukwa zomwe amuna ambiri kuno amazengereza kumanga chokhalitsa pakhomo pomwe akhalapo zaka makumi awiri. Tinapita kwa anyakwawa tonse anayi. Tinalemba m'kope kuti malo ndi a mbumba, kuti malata ndi simenti wagula mwamuna ndi ndalama za tiyi yemwe amathyola ku esiteti, kuti njerwa waumbitsa mkazi, ndipo kuti chimangocho n'cha ana awo. Aliyense anasayina, amfumu anadinda. Lamulo lina la mu mtolo wa 2016 uja, la Customary Land Act, linakhazikitsa makomiti a malo pa gulupu aliyense, agulupu ngati wapampando ndi anthu ena 6 osankhidwa, osachepera atatu akhale amayi. Komwe komitiyo ikugwira ntchito, pepala lotere ndi bwino lifikenso kumeneko. Kalata ya amfumu inadzatithandizanso mtsogolo, chifukwa aliyense amene tinakumana naye ankayamba ndi funso loti malowo ndi a yani.

Chachiwiri chinali msewu, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri a m'mbali mwa tala akutayira ndalama. Mmisiri anali atakhoma kale zikhomo ndi kukoka chingwe kufupi ndi msewu, pa chifukwa chomveka: madeya atsike pafupi, chigubu chikwere njinga pafupi. Koma msewu waukulu ngati M2 uli ndi malo ake otetezedwa ndi lamulo, mamita 60 m'lifupi, kutanthauza mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu. Anthu amayeza kuchokera m'mphepete mwa phula, ena amangoponya mapazi. Ayi, muyeso umayambira pa mzere woyera wa pakati uja. Tinatenga tepi ya mmisiri, mnyamata wina ataima chapatali kutichenjeza za maminibasi ndi malole ochokera ku Muloza, ine n'kuponda nsonga ya tepi pa mzerewo. Chikhomo choyamba chinapezeka pa mamita 24. Shedi yonse ndi theka la khola zinali m'malo a msewu.

Mmisiri anatsutsa. Analoza magolosale, malo ometera ndi timashedi ta makala tomwe tandandalika m'mbali mwa msewu womwewo, tina tokhudza ngalande ya msewu penipeni. “Bwana, onsewa akudya bwinobwino, inu nokha ndiye mukaope?” N'zoona akudya. Koma aliyense woyenda m'misewu yathu anaonapo makoma olembedwa X wofiira. Tsiku lomwe a Roads Authority adzafune kukulitsa msewu kapena kukonza ngalande, chomangidwa m'malo a msewu chimagwa, ndipo mwini wake alibe pokadandaula za chipukutamisozi poti anamanga pamalo posakhala pake. Wagolosale amasamutsa shuga ndi sopo usiku umodzi. Ng'ombe ya bere muisamutsira kuti?

Kubweza zikhomo m'mbuyo kunadya mtengo wa mapeyala womwe amayi anadzala. Achemwali sanandilankhule bwino mpaka madzulo, ndipo sindikuwada, mtengowo unkagula makope a ana chaka chilichonse. Tinayang'ananso kumwamba, poti mawaya a ESCOM nawo ali ndi malo awo omwe salola kumangapo. Amenewo anatiphonya.

Ku khonsolo ndinapita ndili ndi mtima woti akandiseka. Sanandiseke. Mnyamata yemwe ndinamupeza ku mapulani anafunsa kuti chimangocho chili pati, tikumangira chiyani, ndipo ntchito yake n'chiyani. Nditatchula simenti, njerwa, msewu wa M2 ndi mkaka wogulitsa, anaika cholembera pansi n'kunena kuti, “Bambo, mwachita bwino kubwera musanathire konkire.” Anafotokoza kuti khola la mitengo la mbuzi zitatu mkati mwa mudzi si lomwe limawadetsa nkhawa. Chomwe amayang'ana ndi chokhalitsa, cha bizinesi, choyandikira msewu, mtsinje, msika kapena malo omwe ali kale ndi pulani. Munthu wa mkati mwa malire a khonsolo ya Luchenza, kapena pa boma penipeni, kapena amene malo ake ali pa lizi, asadziyerekeze ndi wa kumudzi. Lizi imanena ntchito ya malowo, ndipo kuweta nkhumba pa puloti yomwe inaperekedwa kuti pakhale nyumba ndi kusintha ntchito ya malo, komwe pakokha kumafuna chilolezo ngakhale usanaike njerwa imodzi.

Zofunika zake n'zosadabwitsa. Fomu, umboni wa malo, chojambula choonetsa malire, msewu, nyumba zoyandikana ndi chitsime, chojambula cha chimango chenichenicho, ndi ndalama yoonera pulani. Ndalamayo perekani kwa wolandira ndalama wa khonsolo ndipo mutenge lisiti. Pakhomo pa maofesi ambiri pamakhala anthu odzipereka kuti akuthamangitsirani mapepala, ndipo pepala lobwera mwa njira imeneyo silidzakuimirirani pa tsiku la mlandu.

Pomwe ine ndimadandaula ndi pa chojambula chija. Ndondomeko yonse inapangidwa poganizira munthu womanga nyumba ya zipinda zitatu ku tauni, amene ndalama yolipira wojambula mapulani ndi kachigawo kochepa ka ndalama zonse. Kwa mlimi amene akuwerenga malata limodzilimodzi, wojambula atha kutchula mtengo wokwana kufolera theka la khola. Mlimiyo akawerengera, kuphatikiza thiransipoti yopita ku boma ndi tsiku lomwe sanathyole tiyi, amangoti zikadzavuta tidzaona. Sindinganene kuti ndi wosamvera. Wangowerengera bwino ndalama zake.

Zotsatira zake n'zakuti lamuloli lili ngati galu wogona pansi pa nkhokwe. Anthu amadutsa tsiku ndi tsiku osauwidwa, mpaka wina ataponya mwala dala kuti adzukire mnzake. Makhonsolo alibe anthu okwanira kuyendera mudzi uliwonse, kotero sayamba okha. Amabwera pakafika dandaulo. Ndipo dandaulo silibwera chifukwa khola laphwanya ndime yakutiyakuti, limabwera chifukwa anthu ayambana.

M'mudzi woyandikana ndi wathu bambo wina anaweta nkhumba zaka zingapo popanda wonena kanthu. Khola lake linali la njerwa, lotsamira mpanda wa mnzake, madzi otsukira ankatsikira m'kanjira kopita ku mjigo. Onse ankapirira, ena ankagulako nyama ya ngongole. Kenaka ana a mabanja awiriwo anamenyana pa nkhani ya malire a dimba. Sabata yomweyo fungo la nkhumba linayamba kumveka. Dandaulo linapita kwa mlangizi wa zaumoyo, kuchoka apo kwa amfumu, kenaka linakwera kumtunda. Atafunsidwa pepala lililonse losonyeza kuti anafunsapo asanamange, analibe. Lamulo limapatsa khonsolo mphamvu yoimitsa ntchito yomanga komanso yolamula kuti chomangidwa popanda chilolezo chichotsedwe, ndipo bamboyo atamva zimenezo sanadikire kalata. Anagulitsa nkhumba zonse motchipa kwa ogula a pa msika, omwe amanunkhiza msanga munthu wopanikizika. Odandaulawo sankanama, madzi aja analidi oipa ndipo ana ankaponda momwemo. Chomwe chimandiwawa n'chakuti m'mudzi momwemo muli makola ena oipa kuposa lija, eni ake akugona tulo chifukwa sanayambane ndi munthu. Lamulo logwira mwa njira imeneyi limasanduka chida cha amene ali ndi mkwiyo kapena amene ali ndi m'bale ku ofesi.

Palinso china chomwe alimi timabisa, ndipo a mapulani amachidziwa. Shedi sikhala shedi mpaka kalekale. Chaka choyamba musungamo nandolo podikira kuti mtengo ukwere. Chaka chachiwiri mwaboola zenera kuyang'ana kumsewu, mwayamba kugulitsa feteleza wa m'mapaketi. Chaka chachitatu mwaikamo chigayo, kapena mwagawa pakati n'kulowetsa mphunzitsi wa lendi. Pa sitepe iliyonse mukufuna magetsi, laisensi ya bizinesi, mwina ngongole ku banki, ndipo penapake wina adzafunsa mapepala a nyumbayo. Maziko omwe anakumbidwa kuti anyamule matumba tsopano akunjenjemera ndi injini. Ngati mumtima mukudziwa kuti shediyo ndi golosale yam'tsogolo, neneni poyamba pomwe.

Ndikanatha kulitaya lamuloli kuti ndi za m'maofesi, pakanapanda namondwe wa Freddy. Mu Malichi 2023 mvula inagwa masiku otsatizana osakata, mapiri anakhetsa matope ndi miyala, anthu oposa 600 anatsimikizika kuti amwalira m'dziko muno ndipo ena oposa 500 sanapezeke. Kuno ku Mulanje dera la mfumu yaikulu Njema linaona zoopsa, chimodzimodzi kwa Nkhulambe ku Phalombe. Akuluakulu anakumbukira Napolo wa 1991 yemwe anatsika m'phiri la Michesi. Pakati pa zomwe zinapita ndi madzi panali ziweto zosawerengeka, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva. Nyumba timaimanga pamalo abwino omwe tili nawo. Khola timalikankhira kotsala, kumunsi, m'mphepete mwa khwawa, poti ndi ziweto chabe. Mbuzi yomasuka ithawira kumtunda. Ng'ombe yamkaka yotsekeredwa m'khola la njerwa ilibe kothawira, ndipo imeneyo ndiye chuma chonse cha banja, nthawi zina isanabweze n'komwe thole la gulu.

Mitsinje yathu, Ruo, Thuchila, Likhubula, Lichenya, imaoneka yofatsa mu Okutobala. Timakhwawa tomwe timathira m'mitsinjeyi timauma mpaka ana kumasewereramo mpira. Munthu wobwera, ngati mkamwini wochokera dera lina, sangadziwe pomwe madzi amafika. Wodziwa ndi gogo amene wakhala pamenepo zaka 70. Ife tinafunsa azakhali ena okalamba, anatenga ndodo n'kutilozera mzere womwe madzi anafika nthawi ya Freddy ndi womwe anafika chaka cha namondwe wa Ana, 2022. Dzenje la manyowa tinalisunthira kutali ndi chitsime, kutsatira muyeso wa mamita 30 womwe azaumoyo amanena pa zimbudzi, ndipo tinaliika kumunsi kwa chitsimecho osati kumtunda. Zonsezi ndi zomwe wa mapulani wabwino amayenera kuona pa chojambula. Mafunso a lamuloli ndi abwino. Njira yofikira kwa wofunsayo ndiye yatalika.

Kufupikitsa njirayo sikufuna lamulo latsopano. Alangizi a zaulimi ndi a ziweto ali kale ndi zojambula za makola ovomerezeka, la ng'ombe yamkaka, la nkhumba, la m'mwamba la mbuzi, ndipo amaphunzitsa alimi kumanga motsatira zomwezo. Khonsolo itavomereza zojambula zimenezo kamodzi, mlimi sangafunikenso kulipira wojambula. Chotsala chingakhale pepala limodzi lonena pomwe kholalo likhale: mamita angati kuchokera pakati pa msewu, angati kuchokera ku chitsime, ku mtsinje ndi ku nyumba ya mnzako, losayinidwa ndi amfumu, mlangizi ndi woyandikana naye nyumba. Mlangizi amabwera kale kudzaona khola ng'ombe isanafike, tepi ikwana m'thumba lake. Siginecha ya woyandikana nayo ndiyofunika kuposa momwe ikuonekera, chifukwa munthu amene anavomera ndi dzanja lake savuta kumukumbutsa tsiku lomwe ana ayambana. Mapepalawo atha kumasonkhanitsidwa ku ofesi ya zaulimi ya m'dera n'kupita ku boma pamodzi. Makhansala athu akamakambirana malamulo a khonsolo, nkhani ngati iyi ndi yomwe ndikanakonda kuimva, m'malo mongokweza ziphaso za m'misika.

Ife tinadutsa njira yaitali yomweyo. Chojambula anatithandiza mnyamata wa m'mudzi yemwe anaphunzira zomangamanga ku koleji ya ntchito zamanja, anatengera cha alangizi n'kuwonjezera miyeso ya malo athu, wodziwa ntchitoyo n'kuchiunika asanachipereke. Mitengo ya denga tinagula bulugamu kwa munthu wa nkhalango yakeyake ndipo tinamulembetsa kakalata, poti matabwa opanda umboni kufupi ndi phiri la Mulanje amabweretsa mafunso a anthu a zankhalango, makamaka chikhwimitsireni zilango mu 2020. Mapepala onse, kope la kwa amfumu, lisiti ndi chojambula chodindidwa, ali m'jumbo m'sutikesi ya achemwali, osati kwa mkamwini kapena kwa ine. Anasankha okha kuti zikhale choncho ndipo palibe anatsutsa.

Ng'ombe inabwera, inaswa thole lalimuna, kotero ngongole ya gulu ikadalipo mpaka idzaswe lalikazi. Mkamwini akufuna kusunga lalimunalo kuti alinenepetse, zomwe zikutanthauza chipinda china. Kutsogolo kuli msewu, kumanzere kuli chitsime, kumbuyo kwatsala mamita anayi kufika m'malire a azakhali aja. Wanditumizira kale uthenga pa WhatsApp kufunsa Loweruka lomwe ndikubwera, ndipo achemwali atumiza wawo wonena kuti mtengo wa mango womwe uli kumbuyoko asauyerekeze.